Chulu Chili pa Munda Umodzi

Ndinagwira ntchito khomo loyandikana ndi a Leah Nakhumwa zaka khumi ndi zisanu, ine kusitolo ya zipangizo, iwo mu ofesi ya minda, koma pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mpaka lero. Kawiri konse anaitanidwa kukagwira ntchito ku likulu la kampani ku Blantyre, ndipo kawiri konse anakana. Kenaka, pa nthawi imene panalibe wowaitana, ananyamula chikwama n'kuchoka. Sindikulemba izi kuti ndiwatamande. Anali ndi zofooka zawo: sankabweza moni akakhala pa ntchito, ndipo ukabwereka lula yawo yojambulira mizere n'kuchedwa kubweza unkaimva mlungu wonse. Ndingofotokoza zimene ndinaona, ndi zimene kapitawo wina, a Zakeyu, anandiuza pambuyo pake.

Leah anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti yathu ya tiyi, ku msewu wopita ku Thekerani. Mayi ake, a Teleza, anali wothyola tiyi, ndipo agogo ake anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Leah anayamba kutsatira mayi ake kumunda ndi kadengu kumsana. Sanakhalitse. Tsiku lina m'munda wa Kamphepo, kapitawo wa gulu lawo, a Zakeyu, anam'landa kadenguko, anakhuthulira masamba m'dengu la mayi ake, n'kumulozera njira ya kusukulu ya mishoni. "Ndikakuonanso muno, ndichotsa amako," anatero. Mwanayo anapita akulira, ndipo zaka zambiri sankawapatsa moni a Zakeyu akakumana nawo panjira.

Mu 1994 anabwerera ku esiteti ali mayi wodziwa taipi. Zaka zisanu ndi ziwiri anatayipa makalata, zidziwitso ndi mndandanda wa minda. Moyo wawo unali wophweka ndipo unkawakwanira. Anali ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa fakitale, kadimba ka mpiru, ndi mpando wawo m'kwaya. Masana ankadya pa khonde la ofesi, nthawi zambiri chinangwa ndi kalongonda, akuyang'ana nkhungu ikutsika m'zigwa.

Kompyuta itafika mu ofesi ya minda mu 2001, anaipereka kwa iwo chifukwa inali ndi zilembo ngati taipi. M'kati mwake munali pulogalamu imene munthu ankatha kudzipangira yekha mafomu popanda kuphunzira chinenero cha akatswiri. Unkangokoka kabokosi ndi mausi, kukaika pamene wafuna pa sikirini, n'kusankha pa mndandanda ntchito imene kazigwira munthu akakadina. A Leah anaiphunzira okha, pang'onopang'ono, monga munthu amaphunzirira njira yachidule ya kumsika.

Ntchito yaikulu ya ofesi ya minda inali kusunga masiku. Tiyi sadikira. Nyengo ya mvula, munda ukathyoledwa lero uyenera kubwereredwa pakatha masiku khumi. Ukachedwa, masamba amakhwima ndipo afakitale amawakana. Kale akapitawo ankangonena pakamwa munda umene athyola, kalaliki n'kulemba pa bolodi. Koma kompyuta itakhazikika, akuluakulu analamula kuti kapitawo aliyense azibwera madzulo kudzalowetsa yekha munda umene gulu lake lathyola, kuti pakalakwika asamaloze kalaliki.

A Leah atamva lamulolo, anaganiza za a Zakeyu. Anali atazindikira kalekale chinsinsi chawo. Chidziwitso chikafika, a Zakeyu ankachipereka kwa wina n'kunena kuti, "Werengani mokweza kuti onse amve." Cholembera chawo cha m'thumba la malaya sichinkatha inki. Dzina lawo ankalisaina bwinobwino, koma ankalijambula monga munthu ajambulira nyumba, kuyambira kudenga. Zaka makumi awiri a Zakeyu anayendetsa anthu makumi asanu ndi limodzi osaphonya munda ngakhale tsiku limodzi, ndipo panalibe bwana amene ankadziwa kuti sawerenga.

A Leah sananene kanthu kwa munthu. Anangokonza fomu yawo mwanjira yachilendo. M'malo mondandalika minda makumi awiri ndi inayi pa mzere, anaika mabatani pa sikirini monga mindayo inakhalira paphiri. Kamphepo anali pamwamba kumanzere, chifukwa ndiwo munda wapamwamba. Chigwa cha Njuchi chinali pansi penipeni. Pakati anajambulapo kamzere kokhotakhota, kamene aliyense anazindikira kuti ndi mtsinje, ndi kabokosi kakuda, fakitale. Batani la munda wothyoledwa kumene linkakhala lobiriwira, likayandikira tsiku lake linkasanduka lachikasu, likachedwa linkafiira.

Tsiku loyamba a Zakeyu anaima patsogolo pa kompyuta atafumbata chipewa, thukuta lili pamphuno. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka.

"Iii, mwana wa a Teleza, si phiri lathu ili? Apa si pa Msana wa Ng'ombe?"

"Dinani pamene mwathyola, bambo, anthu akudikira kumbuyo kwanu," anayankha a Leah osatukula mutu.

Anadina. Zaka zisanu ndi chimodzi zinapita choncho, mwamtendere. Madzulo aliwonse akapitawo ankaimika njinga pansi pa mtengo wa mbawa, n'kulowa mmodzimmodzi, nsapato zili matope. A Zakeyu ndiwo ankafulumira kuposa onse. Ankadina munda wa lero, kuyang'ana kumene kwachita chikasu, n'kutuluka akuimba mluzu. M'zaka zimenezi ndimo a ku Blantyre anaitana a Leah kawiri, iwo n'kuyankha kuti kutauni kulibe dimba.

Mu Novembala 2008, mvula ili pafupi, kunabwera manijala watsopano, a Reginald Mhone, mnyamata wophunzira ndi waulemu, wokonda zinthu zatsopano. Anabwera ndi pulogalamu ija itakonzedwanso. A likulu ankafuna kuti maesiteti awo onse azigwiritsa ntchito mtundu umodzi. Anailowetsa Lachisanu masana. Lolemba m'mawa a Leah atayatsa kompyuta anapeza ngati alowa m'nyumba yawo wina atasuntha katundu yense. Mindandanda ya mawu imene inali pamwamba inali itasanduka lamba wa tizithunzi. Mabatani anali atakongola, a m'makona mozungulira, onyezimira ngati maswiti. Koma phiri lija panalibe. Pulogalamu yatsopanoyo inali ndi luso losanja yokha mabokosi kuti fomu izikwana pa sikirini iliyonse, ndipo inali itasanja minda yonse m'mizere yowongoka motsatira zilembo. Mtsinje unali utasowa. A Leah anayesa kukokera Kamphepo kumalo ake, koma atangosiya mausi, batanilo linabwerera pamzere ngati mwana wasukulu womva belu.

Madzulo a Mhone anasonkhanitsa akapitawo kuti awaonetse.

"Tsopano zaphweka, azibambo," anatero. "Mukuona kabokosi aka pamwamba? Mungolemba zilembo zitatu zoyamba za munda, munda utuluka wokha. Palibenso kusakasaka."

"Ikanamathyolanso yokha, bwana," anatero a Fabiano, kapitawo wachinyamata wokonda nthabwala, ndipo onse anaseka.

A Zakeyu nawo anaseka. Nthawi yawo itakwana anasisita m'matumba.

"Ha, magalasi ndasiya kunyumba."

Magalasi analibe chibadwire. A Leah anatambasula dzanja n'kuwadinira. Mawa lake anateronso. Tsiku lachitatu a Mhone anaona.

"Ayi, mayi Nakhumwa, lamulo mukulidziwa. Aliyense yekha. Bambo Zakeyu, ngati ndi maso, galimoto ya kuchipatala imapita ku Boma Lachinayi lililonse."

"Maso a nkhalamba, bwana," anatero a Fabiano. "Koma mtsikana akadutsa kutsidya la mtsinje amamuona."

"Iwe, ndinayamba ukapitawo amako asanakuleke kuyamwa," anayankha a Zakeyu. Anatenga mausi. Tsiku limenelo gulu lawo linali litathyola Kamphepo, ndipo dzanja lawo linapita kumene linazolowera zaka zisanu ndi chimodzi, pamwamba kumanzere. Koma pamalopo tsopano panali Chigwa cha Njuchi. A Leah anali atatembenuka kuyankha telefoni, ndipo sanaone.

Chigwa cha Njuchi chinasanduka chobiriwira pa sikirini chisanathyoledwe, ndipo gulu la kapitawo wina limene linayenera kupitako linatumizidwa kwina. Mvula inagwa. Cholakwacho chitadziwika, masamba a m'chigwamo anali atakhwima, ndipo afakitale anabweza ngolo ziwiri. A Mhone anaitana a Zakeyu mu ofesi. Sanakalipe. Anangonena kuti zikachitikanso adzawachotsa pa ukapitawo n'kuwaika pa geti. A Zakeyu anali atatsala ndi miyezi isanu kuti apume. Munthu amene analamula anthu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akanamalizira ntchito yake akutsegulira mathalakitala chipata, anthu ake omwe akudutsa ndi madengu.

A Leah anamva zonse kudzera pa khoma la matabwa. Masana amenewo sanadye pakhonde. Anatsegula tsamba limene pulogalamuyo inkafotokozapo zatsopano zake, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa sikirini. Zambiri zinali zopanda ntchito kwa iwo: mitundu ina ya utoto, njira yotumizira malipoti kutali, kalendala yotuluka yokha. Chakumapeto anapeza kamzere kamodzi konena kuti tsopano batani likhoza kuvala chithunzi.

Anagogoda kwa a Mhone.

"Bwana, alendo a ku likulu akubwera mwezi wamawa. Pali chinthu china chatsopano m'pulogalamu muja chimene maesiteti ena sanachiyambe. Tikhoza kuika chithunzi cha munda uliwonse pa batani lake."

Nkhope ya a Mhone inawala. Anatulutsa kamera ya ofesi m'kabati n'kuwaonetsa podina.

Loweruka a Leah anakwera ngolo ya thalakitala n'kuzungulira esiteti yonse. Pa munda uliwonse ankatsika, kuima pamsewu, n'kujambula tiyi atayalana mpaka kumapeto, phiri la Mulanje lili patali. Zithunzi zinali zokongola ngati za pa kalendala. Lolemba madzulo mabatani onse anali atavala.

A Zakeyu anawerama, kuyang'ana mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wotsiriza. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Minda imeneyi ndi ya esiteti iti?"

Nthawi ino a Fabiano sanawaseke. Anasuzumira nawo. "Zoona, achemwali. Ine ndikadapanda kuwerenga maina pansipa, ndikadati mwajambula munda umodzi kamakumi awiri. Tiyi, tiyi, tiyi."

A Leah anaona kulakwa kwawo. Anajambula ngati mlendo wodutsa pagalimoto, iwo amene anabadwira m'malaini. Wothyola tiyi sayang'ana munda ali pamsewu. Tsiku limenelo anapeza chifukwa chotumira a Mhone kufakitale, n'kuwadinira a Zakeyu mwachangu. Akapitawo ena atatuluka, anawaimitsa pakhomo.

"Bambo, kamera ija imafuna munthu wodziwa poima. Ine ndaiwala minda. Mungandiperekeze Loweruka?"

A Zakeyu analoza kumapazi kwa a Leah. "Ubwere ndi nsapato zenizeni, osati za kutchalitchizo."

Anayenda wapansi kuyambira m'mawa, mame akadali pa masamba. Pa munda woyamba a Leah analoza kamera ku tiyi, koma a Zakeyu anawagwira phewa n'kuwatembenuza.

"Ukuyang'ana chiyani uko? Pa Mwala wa Nyani ndi apa." Analoza mwala wosweka pakati umene ankatsamiritsapo njinga yawo.

Zinali choncho paliponse. Kwa a Zakeyu, Msana wa Ng'ombe unali chulu chachikulu chimene amayi ankagonekapo ana pamthunzi. Chigwa cha Njuchi chinali mlatho wa matabwa atatu, limodzi lothyoka. Munda wina unali bulugamu wowombedwa ndi mphezi, wina mpope wopanda chogwirira, wina kanyumba ka sikelo kopendekeka kamene kanakana kugwa kuyambira nthawi ya chimphepo china chakale. Pa malo aliwonse anali ndi nkhani yake: apa njoka inalowa m'dengu la a Jean, apa thalakitala inatitimira masiku atatu, apa mayi wina anachira mwana mvula ikugwa ndipo mwanayo tsopano ndi dalaivala. A Leah ankajambula, pena akumwetulira.

Dzuwa lili pamutu anafika pa Kamphepo. Anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, n'kugawana nthochi zimene a Zakeyu anatulutsa m'thumba. Pansi pawo esiteti yonse inkaoneka, mtsinje ukukhota monga unkakhotera pa fomu yakale ija.

"Mwana wa a Teleza," anayamba a Zakeyu, akusenda nthochi mosafulumira. "Nkhani ya magalasi ija..."

"Magalasi ndi ovuta, bambo, ndikudziwa," anawadula a Leah. "Tasunthani pang'ono, mwatchinga mtengo."

A Zakeyu anasuntha. Kamera inalira.

"Paja ndi pano munandilanda dengu," anatero a Leah.

"Eya, pompano."

"Anthu amati munkafuna kuti ndiphunzire."

"Anthu amanama. Unkathyola moipa. Unkazula ndi nthambi zomwe, ngati mbuzi. Ndikanakusiya, munda uno bwenzi kulibe."

A Leah anaseka mpaka kutsamwa nthochi. A Zakeyu anandiuza kuti kanali koyamba kuwamva akuseka chotero.

Lolemba a Mhone ataona sikirini anagwira m'chiuno.

"Mayi Nakhumwa, ichi n'chiyani? Chulu. Mpope wakufa. Mlatho wothyoka. Alendo adzati esiteti yathu ndi bwinja. Zithunzi zokongola zija mwazichotseranji? Tiyi ali kuti?"

"Tiyi ali paliponse, bwana. Chulu chili pa munda umodzi."

A Mhone sanakhutire, koma anali munthu wokonda kuyesa zinthu. Akapitawo atafika madzulo, anatenga pepala n'kuphimba maina a pansi pa zithunzi. Ankaloza chimodzichimodzi.

"Apa?"

"Msana wa Ng'ombe!" onse pamodzi.

"Apa?"

"Pa Mwala wa Nyani. Njinga ya akuluwa ikusowapo," anatero a Fabiano.

Anaitananso mayi wina wothyola tiyi amene anabwera kudzapempha chikalata cha kuchipatala. Mayiyo anali asanaionepo kompyuta pafupi, koma anatchula minda yonse makumi awiri ndi inayi osapunthwa, n'kuwonjeza kuti mlatho uja abwana aukonze usanaphe munthu. A Mhone anachotsa pepala lija n'kulipinda.

"Zikhale," anatero. "Koma mlathowo ujambulidwenso tikaukonza."

"Mukaukonza musiyeko thabwa limodzi lakale, bwana, kuti tiziudziwa," anatero a Zakeyu. Anatenga mausi, anadutsa kabokosi kolembamo zilembo zitatu osakayang'ana n'komwe, n'kudina mkuyu wa pa Kamphepo.

Alendo a ku likulu atabwera anayamikira kwambiri a Mhone chifukwa chogwiritsa ntchito bwino zatsopano za m'pulogalamu. A Mhone, kunena zoona, anawauza kuti nzeruyo inali ya mayi Nakhumwa, koma atatembenuka kuti awaonetse anapeza mpando uli wokha. A Leah anali kusitolo kwanga, akufunsa za lula imene ndinali nditabweza kale.

Nyengo ya mvula imeneyo inali yabwino. Masamba anachuluka, ndipo palibe munda umene unafiira pa sikirini kuposa tsiku limodzi. A Zakeyu sanaphonyenso. Kumapeto kwa Epulo 2009 anapuma ali kapitawo. Anthu awo anawaimbira m'Chilomwe pabwalo la fakitale, a Mhone anawapatsa chikalata choyamikira chokhala m'galasi, ndipo iwo anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana mwaulemu, n'kuchipereka kwa a Fabiano.

"Werenga mokweza, iwe, kuti onse amve."

A Leah anaima kumbuyo, pafupi ndi mbawa. Sanapite kukagwirana nawo chanza. Thalakitala itanyamula katundu wa a Zakeyu kupita kumudzi kwawo ku Chimaliro, anabwerera mu ofesi n'kukamaliza ntchito ya tsikulo.

Ndinakawachezera a Zakeyu kumudziko patapita miyezi, ndipo m'pamene anandiuza zonsezi. Ndinawafunsa ngati a Leah anakhala zaka zonsezo chifukwa cha iwo. Anati sakudziwa, sanawafunse, ndipo munthu wanzeru safunsa zotero. Inenso sindinganene. Mwina linalidi dimba.

Chimene ndikudziwa n'chakuti patangotha milungu iwiri chipumire a Zakeyu, a Leah anapereka kalata yosiya ntchito, yotayipa bwino, ya mizere itatu. Masiku otsalawo anaphunzitsa kalaliki watsopano kusintha chithunzi pa batani, namuuza kuti chulu chikagumuka kapena mtengo ukagwa asadzajambule yekha, adzafunse akapitawo poima. Mpiru wa m'dimba anagawira oyandikana nawo. Lachiwiri m'mawa, chiperoni chitakuta paliponse, anafika kusitolo kwanga ndi chikwama chimodzi, anaika makiyi a nyumba pa tebulo, pamodzi ndi lula ija.

"Isungeni, mumaikonda," anatero.

Anakwera thalakitala ya masamba mpaka pamsewu waukulu. Dalaivala anati anawasiya pa siteji ya ku Boma, pamene maminibasi a ku Limbe amaima mbali ino, a ku Mulanje ndi kumalire mbali inayo. Anati atakhota kuti abwerere anayang'ana kumbuyo, koma nkhungu inali itatseka msewu, ndipo sanaone mbali imene anawolokera.